Udokotala pa kayendetsedwe ka IT ndi luso latsopano: njira yake kuyambira pa funso mpaka pa viva (mayeso a pakamwa omaliza)

Ambiri amene amandifunsa za digiri imeneyi, yomwe ndi digiri yapamwamba ya kafukufuku pa ntchito za makompyuta (IT) m'mabungwe, amakhala atagwira kale ntchito zaka khumi kapena kuposerapo. Ayikapo masisitimu, achezerapo m'chipinda cha maseva netiweki itagwa, akanganapo ndi a zachuma pa nkhani ya bajeti. Amabwera akuganiza kuti changotsala n'kulemba zimene akudziwazo m'buku lalikulu basi. Inenso ndinalowa ndi maganizo omwewo. Koma udokotala saupereka chifukwa cha zimene munthu akudziwa kale. Amaupereka kwa amene wafunsa funso limodzi lomwe silinayankhidwe bwino, n'kuliyankha mwa njira yoti ofufuza anzake angathe kuitsata phazi ndi phazi, n'kuloza polakwika ngati palipo. Masitepe onse ali m'munsiwa akuzungulira pa funso limenelo.

Sitepe yoyamba: dziwani mtundu wa digiri musanayang'ane dzina la yunivesite

Njira zikuluzikulu ndi ziwiri. PhD imaumba wofufuza, ndipo ndi imene mayunivesite ambiri amafuna kwa munthu woti adzaphunzitse ndi kuyang'anira ophunzira ena. DBA (Doctor of Business Administration), kapena digiri yofanana nayo ya Doctor of Information Technology m'mayunivesite ena, ndi ya anthu amene akufuna kupitiriza kutsogolera mabungwe. Kafukufuku wake amayambira pa vuto lenileni la kuntchito, ndipo ambiri amaiphunzira ali pantchito pomwepo. Ku Britain PhD imatenga zaka 3 kapena 4 kwa munthu amene wasiya zonse n'kumangophunzira. Ku America imatenga zaka 5 kapena kuposerapo, chifukwa zaka ziwiri zoyambirira ndi za m'kalasi, zotsatiridwa ndi mayeso akuluakulu munthu asanaloledwe kuyamba kafukufuku wake. Wophunzira uku akugwira ntchito awerengere zaka 6 kupita m'tsogolo.

Onaninso kuti digiriyo ili pansi pa dipatimenti iti. Ikakhala ku sukulu ya zamalonda, pa nthambi ya information systems, adzakufunsani za anthu, mabungwe ndi zisankho za mabwana. Ikakhala ku computer science adzafuna kuona chinthu chimene mwapanga ndi masamu ake. Kusokoneza ziwirizi kumadyetsa munthu chaka chathunthu.

Kenako tsimikizani kuti yunivesiteyo ndi yovomerezedwa ndi bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba m'dziko lakelo. Sukulu za zamalonda zina zimakhalanso ndi chivomerezo cha AACSB kapena EQUIS, chomwe ndi chizindikiro chabwino. Mukaona otsatsa pa intaneti akulonjeza udokotala m'chaka chimodzi, popanda woyang'anira wodziwika komanso popanda mayeso a pakamwa, kumbukirani chikomekome cha mkuyu.

Sitepe yachiwiri: pezani funso

Apa ndipo pagona ntchito yonse, choncho ndikhalitsapo.

Phunziroli linakula chifukwa cha chinthu chimodzi chozunguza mutu: makina abwino sabweretsa phindu paokha. Mu 1987 katswiri wa zachuma Robert Solow ananena kuti makompyuta akuoneka ponseponse kupatula m'ziwerengero zosonyeza kuchuluka kwa zimene anthu akupanga pantchito. Ofufuza monga Erik Brynjolfsson anadzasonyeza pambuyo pake kuti phindu limabwera bungwe likasintha kagwiridwe ka ntchito, kagawidwe ka maudindo ndi luso la antchito pamodzi ndi makinawo. Boma la Britain linayamba mu 2002 ntchito yaikulu yolumikiza zipatala za boma za NHS ku England pa makompyuta. Inadya mapaundi mabiliyoni ambiri, ndipo mu 2011 boma linalengeza kuti likuithetsa. Mwa zifukwa zimene zimatchulidwa kawirikawiri, china n'chakuti zinthu zinkagamulidwa kumwamba madokotala ndi anamwino asanamvedwe mokwanira. Koma M-Pesa, njira yotumizira ndalama pa foni imene kampani ya mafoni ya Safaricom inakhazikitsa ku Kenya mu 2007, inayenda pa mafoni wamba. Poyesa koyamba cholinga chinali choti anthu azibwezera ngongole zing'onozing'ono, koma anthuwo anayamba kutumizirana ndalama okhaokha, ndipo eni ake anatsatira kumene anthu ankalowera. Pakati pa nkhani ziwirizi ndi pamene pali munda wanu.

Funso langa ndinalipeza mosungira katundu. Pa bungwe lina limene ndinkagwirako ntchito tinayika sisitimu yatsopano, ndipo malipoti ankasonyeza kuti aliyense akuigwiritsa ntchito. Tsiku lina masana ndinapeza mayi woyang'anira malowo ali ndi kope lakale lomangidwa ndi labala, m'mphepete mwa masamba mutada ndi zala. Katundu akafika ankalemba m'kopemo, ndipo nthawi yoweruka ikayandikira m'pamene ankakopera zonse mu kompyuta. Nditawafunsa anandiyang'ana kaye, kenako anati: "Bambo, sisitimu yanuyi siilola kulandira katundu wosakwana. Galimoto ikabweretsa makatoni 47 pamene oda inali ya 50, dalaivala ndimuuze adikire mpaka liti?" Ife ku ofesi tinkawerengera kuti zonse zili bwino, pamene ntchito yeniyeni inkayendera m'kope.

Mutu umene ndinali nawo poyamba unali wonena za mphamvu ya IT pa chitukuko cha mabungwe. Umenewo ndi nyanja, sungauwoloke. Nditachoka kwa mayi aja funso linasanduka ili: antchito akamapanga njira zawozawo zolambalala sisitimu yatsopano, n'chiyani chimachititsa kuti mabungwe ena aphunzirepo n'kukonza sisitimuyo, pamene ena amangodzudzula antchitowo? Funso lotere lili ndi malire, likuloza kwa anthu oti n'kucheza nawo, ndipo yankho lake sindinkalidziwa.

Lanu liyeseni motere. Linene kwa mnzanu wosadziwa za makompyuta m'ziganizo ziwiri. Akasokonezeka ndiye kuti silinapse. Dzifunseni moona mtima ngati mungavomere yankho losiyana ndi limene mukuliyembekezera. Ndipo musalimangirire pa dzina la pulogalamu imene yatchuka chaka chino. ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, ndipo m'miyezi yochepa zimene anthu ankalemba za luntha la makina zinali zitakalamba. Digiri yanu itenga zaka zitatu kapena kuposa. Funso lonena za mmene mabwana amasankhira kukhulupirira kapena kukana malangizo a makina lidzakhalabe ndi ntchito ngakhale pulogalamuyo itasintha katatu.

Sitepe yachitatu: werengani mpaka mudziwe amene akukangana ndi ndani

Yambani ndi magazini a kafukufuku amene anthu a phunziroli amawalemekeza: MIS Quarterly, Information Systems Research, Journal of Management Information Systems, European Journal of Information Systems, ndi Research Policy pa nkhani za luso latsopano. Pa mawebusayiti ofufuzira nkhani za kafukufuku monga Google Scholar kapena Scopus pezani nkhani zitatu kapena zinayi zaposachedwa zimene zayandikira funso lanu, mutsate amene iwo anawatchula, kenako mutsatenso amene anadzawatchula iwowo pambuyo pake.

Posakhalitsa muzidzakumana ndi mayina omwewo. Everett Rogers mu 1962 anafotokoza mmene chatsopano chimafalikira pakati pa anthu, ndi zinthu zisanu zimene zimachifulumizitsa: kuposa chakale, kugwirizana ndi zimene anthu anazolowera, kusavuta, kutheka kuchiyesa pang'ono, ndi kuoneka kwa zotsatira zake. Fred Davis mu 1989 anabweretsa TAM, yomwe imati munthu amalandira sisitimu akaona kuti ndi yothandiza komanso yosavuta. Viswanath Venkatesh ndi anzake anaikulitsa mu 2003 kukhala UTAUT. Tornatzky ndi Fleischer mu 1990 anati poyang'ana bungwe tiziona zitatu: makinawo, bungwelo, ndi zimene zalizungulira. DeLone ndi McLean mu 1992 anapereka njira yoyezera ngati sisitimu yapambana. Clayton Christensen mu 1997 anasonyeza mmene makampani akuluakulu oyendetsedwa bwino amagwera chifukwa chomvera kwambiri makasitomala awo akale pamene chatsopano chotchipa chikukwawa kuchokera pansi. Richard Heeks wa ku yunivesite ya Manchester anafotokoza za mpata umene umakhalapo pakati pa zimene okonza sisitimu ankaganiza ndi mmene zinthu zilili pamalopo, ndipo kope la mayi aja linali mumpata umenewo.

Ndinene maganizo anga pa TAM ndi UTAUT. Ophunzira ambiri amathamangira kumeneko chifukwa mafunso ake alipo kale, ungosintha dzina la sisitimu ndi la dziko. Oyesa atopa nazo zimenezo, ndipo adzakufunsani chimene dziko laphunzira kwa inu chomwe Davis sananene. Chiphunzitso, chomwe ophunzira amangoti thiyore, chisankheni chifukwa chikuunikira funso lanu, ndipo mukhale okonzeka kusonyeza pamene chikuperewera. Nthawi zambiri digiri imabadwira poperewera pamenepo.

Powerenga musamangodula mizere. Tsegulani tebulo mu Excel: mzere uliwonse ukhale nkhani imodzi, ndipo m'mbali mwake mulembe funso lawo, chiphunzitso, njira, kumene anatenga deta, zimene anapeza, ndi zimene anasiya. Danga lomalizali likadzadza pa nkhani 60 kapena 80, mpata wanu umayamba kuoneka wokha. Maina a nkhani zonse muzisunga mu pulogalamu ya Zotero kapena Mendeley kuyambira tsiku loyamba.

Sitepe yachinayi: sankhani woyang'anira

Munthu ameneyu mudzakhala naye zaka zambiri, ndipo ndi wofunika kuposa kutchuka kwa yunivesite. Mufunefuneni pakati pa amene mwakhala mukuwawerenga. Onani ngati wasindikiza kanthu m'zaka zitatu zapitazi, ndi ngati ali ndi ophunzira amene anamaliza. Safunsa anadya phula: lemberani mmodzi kapena awiri mwa ophunzirawo, muwafunse kuti chaputala chikatumizidwa chimabwerako patapita masiku angati, ndipo amakumana kangati pamwezi. Pulofesa wotchuka amene amayankha pakatha miyezi itatu adzakuchedwetsani kuposa wachinyamata amene amawerenga ndi cholembera m'manja.

Imelo yoyamba ikhale yaifupi. Nenani kuti ndinu ndani, funso lanu m'ziganizo ziwiri, nkhani yawo imene mwawerenga ndi pamene ikukhudzana ndi funso lanulo, kenako mupemphe ngati akulandira ophunzira. Imelo imodzi yotumizidwa kwa mapulofesa makumi awiri imadziwika pa chiganizo choyamba, ndipo siyankhidwa.

Sitepe yachisanu: pulopozo, mafomu ndi ndalama

Pulopozo ya pofunsira malo, chikalata chofotokoza kafukufuku amene mukufuna kuchita, imakhala ya masamba ochepa: vuto, zimene ena apeza, mpata, funso, njira, ndi ndondomeko ya nthawi. Idzasintha mukadzalowa, ndipo onse akudziwa zimenezo. Chimene akuyesa ndi kaganizidwe kanu. Pambali pake adzafuna digiri yachiwiri yokhala ndi gawo la kafukufuku, makalata a aphunzitsi amene akudziwa ntchito yanu, IELTS kapena TOEFL ngati akufuna umboni wa Chingerezi, ndipo sukulu zina za ku America zimafunabe mayeso olowera a GRE kapena GMAT.

Za ndalama zithetseni musanayambe. Ku Netherlands, Sweden, Denmark ndi Norway malo ambiri a PhD amalengezedwa ngati ntchito, ndipo wophunzira amalandira malipiro. Ku America mapulogalamu ambiri a PhD amachotsa fizi n'kupereka kangachepe posinthana ndi kuthandiza kuphunzitsa kapena kufufuza. Palinso masikolashipu monga a Commonwealth, DAAD ndi Fulbright. DBA nthawi zambiri munthu amalipira yekha kapena abwana ake amamulipirira. Zikatero werengani bwino pangano, makamaka zaka zimene mudzamangidwe pa bungwelo ndiponso mwini wa zotsatira za kafukufuku.

Walira mvula walira matope. Khalani pansi ndi a m'banja mwanu muwauze maola amene digiriyi idzawalande sabata iliyonse, asanadzazindikire okha.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi: njira ya kafukufuku ndi khomo lolowera ku deta

Njira imatsata funso. Ngati mukufunsa kuti chakuti chimakhudza chakuti pamlingo wotani, mudzafuna ziwerengero: mafunso olembedwa kwa anthu mazana angapo, kapena deta ya m'masisitimu, n'kuisanthula ndi mapulogalamu monga R, SPSS kapena SmartPLS. Ngati mukufunsa kuti zimachitika bwanji ndipo chifukwa chiyani, mudzalowa m'bungwe limodzi kapena angapo, kucheza ndi anthu, kukhala nawo m'misonkhano, kuwerenga zikalata zawo, kenako n'kusanja mawu awo ndi pulogalamu ya NVivo kapena pamanja. Ngati mukufuna kupanga chida kapena ndondomeko yatsopano n'kuiyesa, imeneyo ndi design science, imene Alan Hevner ndi anzake anaiyala bwino mu 2004, ndipo anthu ochokera kuntchito ambiri imawayanja. Koma chidacho pachokha si digiri. Pamafunika kusonyeza mfundo zimene ena angatengepo popanga zawo.

Musanafunse munthu aliyense funso ngakhale limodzi, pezani chilolezo cha komiti ya yunivesite yoteteza anthu ofunsidwa pa kafukufuku. Deta yotoledwa chilolezo chisanatuluke ikhoza kukanidwa yonse. Ngati muli ndi zokhudza anthu a ku European Union, lamulo loteteza deta ya anthu la GDPR lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018 likhoza kukukhudzani. Ndipo ngati mukufufuza pa bungwe limene inu ndinu bwana, ganizirani mofatsa: wantchito wanu angakuuzeni zoona za sisitimu imene munagula ndinu? Ena amapempha munthu wina kuti achezere m'malo mwawo, ena amasankha bungwe lina.

Pano ndipereke chenjezo lochokera pa chilonda changa. Kampani ina inandilola pakamwa kuti ndifufuze m'nthambi zake. Ndinakonza zonse modalira lonjezo limenelo. M'chaka chachiwiri bwana amene anandilolayo anachoka, ndipo wolowa m'malo mwake anandiyankha ndi imelo ya mizere iwiri kuti nkhaniyo sakuidziwa. Miyezi isanu ndi iwiri inapita ndikugogoda pa makomo ena. Chilolezo chikhale cholembedwa, chosainidwa m'dzina la bungwe, chonena deta imene mudzaone, mmene mudzabisire maina, ndi ufulu wanu wosindikiza zotsatira ngakhale zitakhala zosakomera bungwelo. Ndipo muzikhala ndi bungwe lachiwiri limene mwalankhula nalo kale.

Sitepe yachisanu ndi chiwiri: lembani kuyambira mwezi woyamba

Musadikire kuti deta ikwane. Ku Britain thesis, buku lalikulu la kafukufuku wanu, nthawi zambiri imafika mawu pafupifupi 80,000, ndipo mayunivesite ambiri masiku ano amalolanso thesis yopangidwa ndi nkhani zitatu kapena zinayi zoti n'kusindikizidwa, zomangidwa pamodzi ndi mawu oyamba ndi omaliza. Mulimonsemo, ola limodzi m'mamawa uliwonse limapita patali kuposa kudzitsekera m'nyumba sabata imodzi pakatha miyezi itatu. Mukatha kukumana ndi woyang'anira, mutumizireni tsiku lomwelo imelo yonena zimene mwagwirizana ndi tsiku lodzapereka. Mafayilo anu akhale m'malo atatu osiyana.

Tulutsani ntchito yanu kunja isanathe. Association for Information Systems, yomwe inakhazikitsidwa mu 1994, ili ndi misonkhano monga ICIS, AMCIS, ECIS ndi PACIS, ndipo pamisonkhanoyi pamakhala gawo la ophunzira udokotala pomwe akatswiri amawerenga pulopozo yanu n'kuisenda. Zimapweteka, koma kuli bwino dzenje liwoneke m'chaka chachiwiri kusiyana ndi tsiku la viva. Nkhani yanu yoyamba ikakanidwa ndi magazini, werengani ndemanga, muziike pambali masiku awiri, kenako muyankhe imodzi ndi imodzi. Magazini amene amakulemberani okha, akulonjeza kusindikiza m'sabata ziwiri mukalipira, athaweni. Dzina lawo pa CV limachotsa ulemu m'malo mowonjezera.

Pa zida za luntha la makina, funsani malamulo a yunivesite yanu ndipo munene poyera pamene mwazigwiritsa ntchito. Zidazi zimatha kupeka maina a nkhani zimene kulibe. Chilichonse chimene mwatchula mu thesis mukhale mutachitsegula n'kuchiwerenga nokha.

Sitepe yomaliza: viva

Ku Britain ndi mayiko amene amatsata dongosolo lake mumakhala m'chipinda ndi oyesa awiri, wina wa pa yunivesite yomweyo wina wochokera kunja, kwa maola awiri kapena atatu. Ku Netherlands ndi ku Sweden mumateteza ntchito yanu pagulu. Ku America mumaima pamaso pa komiti imene yakhala ikukutsatani.

Kutatsala mwezi, werengani thesis yonse ngati ya munthu wina, mukulemba pa pepala limodzi zofooka zake zisanu zimene mukuzidziwa. Pemphani anzanu awiri akuyeseni mongoyerekeza, ndipo asakumvereni chisoni. Mafunso amene sasowa ndi awa: mwawonjezera chiyani pa zimene zinkadziwika, munasankhiranji njira imeneyi osati inayo, zotsatirazi zingagwire ntchito pati ndipo sizingagwire pati, mukanayambiranso mukanasintha chiyani. Woyesa akaloza chofooka chenicheni, vomerani, mufotokoze chifukwa chake zinatero ndi mmene zikuchepetsera zimene munganene. Amene anazolowera kuteteza mapulojekiti pamaso pa bodi amavutika apa, chifukwa anaphunzira kusagonja pa mfundo iliyonse, pamene oyesa akufuna kuona ngati mukudziwa malire a ntchito yanu.

Lowani ndi thesis yosindikizidwa, mutamata timapepala pa chiyambi cha chaputala chilichonse ndi pa matebulo akuluakulu, kuti akati titsegule tsamba lakuti musafufuze nthawi yaitali. Ambiri amatuluka atauzidwa kuti apambana koma akonze zina; zing'onozing'ono amapereka miyezi pafupifupi itatu, zikuluzikulu miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. Mndandanda wa zokonzazo ukafika, pangani tebulo la madanga atatu, zimene anapempha, zimene mwachita, ndi tsamba pamene zili, ndipo mulitumize pamodzi ndi thesis yokonzedwayo tsiku lomaliza lisanakwane.